Kusewera ndi mwana wosakwana zaka 6: zoyenera kuchita kuti aziphunzira komanso azikukhulupirirani

Mwana wamng'ono amadziwa zinthu m'njira ziwiri. Zina amazitulukira yekha ndi manja ake: kuti chitini chobooka sichisunga madzi, kuti mwala umamira pamene chitsekerero cha botolo chimayandama. Zina sangazitulukire ngakhale atasewera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Dzina la chinthu, zoti m'madzi a m'ngalande muli tizilombo tosaoneka ndi maso, zoti bambo aja ndi amalume ake, zonsezi amachita kuuzidwa. Ofufuza apeza kuti mwana samangomeza chilichonse chimene wauzidwa. Amasankha womukhulupirira, ndipo kusankhako amakuyamba ali wamng'ono kuposa momwe ambirife timaganizira.

Malangizowa talembera makolo, agogo, azakhali, achemwali olera ang'ono awo, atsikana ogwira ntchito m'makomo ndi alezi a m'sukulu za mkombaphala muno mu Lilongwe. Safuna ndalama. Khonde la nyumba ya lendi ku Kawale kapena kabwalo kakuseri kwa nyumba ku Mtandire n'kokwanira.

Gawo 1: Onani kaye mwanayo ndi malo ake

Mwana wanjala, watulo kapena wotentha thupi musamukakamize kusewera. Sankhani nthawi imene wadya ndipo wapuma, monga akangomaliza phala la m'mawa kapena akadzuka masana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Mwana wotere, kapena wochepa magazi, sachedwa kutopa ndipo nthawi zambiri amangokhala duu, choncho akuluakulu amamutcha wofatsa n'kumusiya yekha. Ameneyo ndiye wofunika kwambiri kumuyamba dala masewera, kwinaku mukusamala za chakudya ndi sikelo.

Chotsani mbaula, mpeni, parafini ndi mankhwala a makoswe. Khuthulani ndowa ndi beseni, chifukwa mwana wongoyamba kuyenda akagwera chamutu amamira ngakhale m'madzi ochepa otsala pochapa. Sesani zitosi za nkhuku, yalani mkeka, ndipo inuyo mukhale pansi kuti maso anu alingane ndi ake.

Gawo 2: Mawu anu azikhala oona, ngakhale pa tinthu tating'ono

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye tikhalitsapo.

M'zaka za 2004 ndi 2005, ofufuza Melissa Koenig ndi Paul Harris ku America anaonetsa ana a zaka 3 ndi 4 anthu awiri akutchula mayina a zinthu zodziwika. Mmodzi ankatchula molondola. Winayo ankatha kuloza mpira n'kunena kuti ndi nsapato. Kenako pankabwera chinthu chachilendo chimene anawo sanachionepo, ndipo aliyense mwa awiriwo ankachipatsa dzina lakelake. Ana ambiri a zaka 4 ankatenga dzina lochokera kwa uja ankanena zoona, ndipo akafuna kufunsa ankafunsa iyeyo. A zaka 3 anali asanakhazikike pa kusankhako, koma zizindikiro zake zinali zitayamba kuoneka. Zinangotengera kulakwitsa katatu kapena kanayi kuti munthu atayike m'maso mwa mwana.

Kafukufuku wina, wa Celeste Kidd ndi anzake ku yunivesite ya Rochester, anatuluka mu 2013. Ana 28 a zaka zapakati pa 3 ndi 5 anapatsidwa makrayoni akutha, n'kuuzidwa kuti adikire awabweretsere atsopano. Theka la anawo anawabweretseradi. Theka linalo munthuyo anabwera chimanjamanja n'kupepesa. Anachita zimenezi kawiri. Pambuyo pake mwana aliyense anamuikira switi imodzi patsogolo, n'kumuuza kuti akadikira osadya amuwonjezera yachiwiri. Ana aja anasungiridwa lonjezo anadikira pafupifupi mphindi 12. Aja ananamizidwa anadikira mphindi zitatu zokha. Mwa ana 14 onamizidwa, mmodzi yekha ndiye anapirira mphindi zonse 15, pamene gulu linalo anapirira ana 9. Anawo anali ochepa, n'zoona, ndipo sitinganene kuti mwana aliyense wosaugwira mtima ananamizidwa. Komabe mwana amene timamunena kuti ndi wosapirira nthawi zina amakhala kuti wawerengera bwino: waona kuti mawu a akulu a pakhomopo sakwaniritsidwa, ndiye adikirirenji?

Nazi zochita.

Lonjezani zochepa, zimene zili m'manja mwanu. "Ndikubweretsera mandasi" pamene m'thumba mwangotsala ya minibasi ndi ngongole imene simubweza. Kuli bwino kunena kuti, "Ndikabwera tiimba nyimbo ija," chifukwa chimenecho palibe chingakulepheretseni.

Tchulani nthawi imene mwana angaione. "Pompano" ndi "posachedwa" alibe tanthauzo kwa mwana wa zaka zitatu. Nenani kuti, "Ndibwera ukadya nsima ya masana," kapena "achimwene ako akaweruka kusukulu."

Lonjezo likalephereka, yambani ndinu kulitchula asanafunse. "Ndinati ndikugulira nthochi. Ndalama sinakwane. Loweruka tipitira limodzi kumsika." Loweruka likafika mupitedi. Kulephera kamodzi kofotokozedwa bwino sikuwononga kanthu. Chowononga ndi kukhala chete poganiza kuti waiwala, pamene iye sanaiwale.

Musazembe. Amayi ambiri opita kukagulitsa malonda amatuma mwana kuseri kwa nyumba kuti atuluke asakuona. Tsikulo kulira kumachepadi. Koma mwana amaphunzira kuti amayi akhoza kusowa nthawi ina iliyonse, ndiye mawa lake amakakamira chitenje, osafunanso kusewera patali. Tsanzikani mwachidule, nenani nthawi yobwera, pitani ngakhale akulira. Masiku oyamba amavuta, kenako kulirako kumafupika.

Siyani zoopseza zabodza: "adokotala akubaya jakisoni", "ndikuitanira apolisi", "fisi akugwira". Pali zotsatira ziwiri ndipo zonse n'zoipa. Akakhulupirira, tsiku la katemera mudzavutika naye, ndipo akadzasochera mumsika adzathawa wapolisi amene akanamuthandiza. Akazindikira kuti n'zabodza, chenjezo lanu lenileni la msewu, moto ndi chitsime lidzalowa m'gulu lomwelo la zongonena. Kusikelo muuzeni zoona: "Kapweteka pang'ono, ndikugwira, kenako katha." Pa mwambo gwiritsani ntchito chinthu chimene mungachitedi pompo: "Ukaponyanso mwalawo kwa mnzako ndiulanda." Akaponya, landani, popanda kukalipa kwambiri.

Gwirizanani akuluakulu onse a pakhomo, kuphatikizapo agogo ndi mtsikana wantchito, chifukwa mwana amasunga mbiri ya munthu aliyense payekha.

Zoyerekezera za m'masewera si bodza ayi. Mwana wa zaka ziwiri amadziwa kale kuti mchenga wa m'chigoba si nsima yeniyeni, ndipo mukamanamizira kudya n'kunena kuti "koma ndiye yakomatu" amaona pankhope panu kuti mukusewera naye. Zimenezo pitirizani.

Gawo 3: Gwiritsani ntchito nkhope yanu pa zinthu zachilendo

Mu 1985 James Sorce ndi anzake anaika ana a miyezi 12 pa thebulo lagalasi lolimba, lopangidwa mooneka ngati pakati pake pali dzenje lakuya pafupifupi masentimita 30. Mayi ankaima tsidya linalo pafupi ndi chidole. Mwana akafika m'mphepete mwa dzenjelo ankaima n'kuyang'ana mayi ake. Mayi akaonetsa mantha, palibe mwana ngakhale mmodzi anawoloka. Mayi akamwetulira, ana 14 mwa 19 anawoloka.

Ndiye kuti mwana akakumana ndi chinthu chosachidziwa, kaya ndi mlendo, mwanapiye kapena matope, amayang'ana inu kaye. Ngati chilibe vuto, mwetulirani, chigwireni inuyo poyamba, chitchuleni dzina. Nkhope yamantha ndi mawu okuwa zisungireni zoopsa zenizeni. Kholo lokuwa "siya!" pa chilichonse limalera mwana woopa kugwira kanthu, kapena wosamvanso "siya" ngakhale pa mbaula.

Njira yomweyi ndiyo yoperekera mwana kwa mlezi watsopano kapena kusukulu ya mkombaphala. Lonjeranani ndi mleziyo mwansangala mwana akuona. Tsiku loyamba ndi lachiwiri khalani naye pamalopo mphindi 20 kapena 30, mleziyo ayambe kusewera naye inu mulipo. Musamukakamize kunyamulidwa. Musiyireni kanthu ka kunyumba, ngakhale kachitenje kanu kakale. Tsanzikani, ndipo mukamutenge pa nthawi imene munanena.

Gawo 4: Sonkhanitsani zoseweretsa

Khanda losakwana miyezi 6 choseweretsa chake chachikulu ndi nkhope ndi mawu anu. Liyang'aneni poyamwitsa, bwerezani timawu take, dikirani liyankhe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti khanda losayamba kukwawa lizigonekedwa chafufumimba lili maso, inu mukuliyang'anira, mphindi zosachepera 30 patsiku, mogawagawa. Izi zimalimbitsa khosi ndi msana. Likagona tulo ligonekeni chagada.

Wa miyezi 6 mpaka 12 mupatseni chipande, mbale yachitsulo yoti aziimenya, ndi kapu yapulasitiki. Bisani kapuyo pansi pa nsalu iye akuona, mbali ina ikuonekera, aipeze. Akazolowera ibiseni yonse. Pa msinkhu umenewu amakonda kugwetsa zinthu mobwerezabwereza, ndipo ambiri amaona ngati ndi mwano. Ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins, Aimee Stahl ndi Lisa Feigenson, anaonetsa mu 2015 kuti si choncho. Ana a miyezi 11 amene anaona mpira ukuoneka ngati wadutsa pakhoma, ataupatsidwa ankaumenyetsa pathebulo. Amene anaona chidole chikuoneka ngati chikuyandama m'malere, ankachigwetsa. Aliyense ankayesa chenichenicho chimene chinamudabwitsa. Mutoleereni, agwetsenso.

Wa chaka chimodzi mpaka ziwiri: chidebe ndi zinthu zikuluzikulu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoponyamo ndi kukhuthula, monga zitsononkho ndi zopanira zovala, makapu atatu kapena anayi osiyana kukula oti azilowetsana, katoni yomangirira kachingwe kakafupi yoti azikoka.

Wa zaka zitatu mpaka zisanu: zitsekerero za mabotolo 20 kapena 30, dothi loumbira, makala kapena choko, zigoba ndi zitini za masanje zopanda m'mphepete mocheka, mpira wachikulunga, galimoto ya mawaya yopinda nsonga zonse.

Kwa mwana wosakwana zaka zitatu, chilichonse chaching'ono kuposa chibakera chake chikhoza kumutsamwitsa: zitsekerero, ndalama zachitsulo, mtedza, chimanga chokazinga, mikanda. Mabatire ang'onoang'ono ozungulira a m'mawotchi ndi m'tizidole ta pamsika ndi oopsa koposa, chifukwa akamezedwa amawotcha kummero m'maola ochepa. Mukakayikira kuti wameza, thamangirani kuchipatala osadikira zizindikiro. Majumbo ndi zingwe zazitali zikhale kutali. Chigubu chimene munali mankhwala a mbewu kapena oyilo wa galimoto musachisandutse chidole ngakhale mutachitsuka.

Musatulutse zonse nthawi imodzi. Zinthu zitatu kapena zinayi n'zokwanira, zina zikhale m'thumba, muzisinthanitsa pakatha sabata.

Gawo 5: Kaseweredwe kake

Cholakwika chimene akuluakulu achikondi amachita kawirikawiri ndi kufulumira kuonetsa. Mu 2011 Elizabeth Bonawitz, Laura Schulz ndi anzawo anapanga chidole cha mapaipi anayi. Paipi ina inkalira ikakokedwa, ina inali ndi nyali, kwina kunali kagalasi kobisika, kwinanso kunkaimba nyimbo. Ana ena munthu wamkulu anawauza kuti awaonetsa momwe chidolecho chimagwirira ntchito, n'kukoka paipi yolira ija. Ana ena anangoona munthuyo akuiliza ngati mwangozi, iye n'kudabwa. Atasiyidwa okha, ana ophunzitsidwa aja anathera nthawi yawo pa kuliza paipiyo, anasiya msanga, ndipo anatulukira zinthu zochepa. Enawo anasewera nthawi yotalikirapo n'kupeza zambiri.

Taonani kuti vuto silinali kusamva. Anawo anamukhulupirira wamkuluyo, n'kuganiza kuti pakanakhala zina akanawaonetsa. Mwana akamakukhulupirirani kwambiri, m'pamenenso muyenera kusamala kuti mawu anu asamutsekere njira.

Izi sizikutanthauza kumusiya yekha. Mu 2013 Kelly Fisher, Kathy Hirsh-Pasek ndi anzawo anayesa njira zitatu zophunzitsira ana a zaka 4 ndi 5 maonekedwe a zinthu monga za makona atatu ndi makona anayi. Ena anangouzidwa, ena anangosiyidwa ndi zinthuzo, ena anafufuza limodzi ndi wamkulu amene ankawafunsa mafunso. Gulu lomalizali ndilo linamvetsa bwino, mpaka kuzindikira za makona atatu zopendekeka zimene zinali zosazolowereka.

Choncho patulani mphindi 10 mpaka 15, kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo muchite motere.

Ikani zinthu pamkeka, musanene chochita nazo. Werengani chamumtima mpaka 10 musanalankhule. Zimaoneka zazitali, koma mwana amafuna nthawi imeneyo.

Onani chimene wagwira, n'kuchitchula pamodzi ndi chimene akuchita: "Watenga kapu yofiira. Waiika m'kati mwa yaikulu." Mawu amalowa bwino akagwera pa chinthu chimene maso ake ali kale. Mukamukokera ku chinthu china chimene inu mwasankha, ambiri mwa mawuwo amangopita padera.

Tsanzirani zimene akuchita, kenako onjezerani kamodzi kokha. Akamenya mbale, menyani nanu, kenako menyani kawiri n'kudikira.

Akakakamira, musamulande. Thandizo liyambire pa laling'ono: funso kaye ("Nanga ukaitembenuza?"), kenako kuloza, kenako kugwira mbali imodzi iye n'kumaliza. Nsanja ya makapu ikagwa, nenani modekha kuti "Yagwa, tiyambirenso?"

Mukafuna kumuonetsa kanthu, siyani khomo lotsegula: "Ichi chimachita chonchi. Kaya chimachitanso chiyani china?"

Yamikirani chimene wachita mochitchula: "Unayesa katatu mpaka chalowa." Zimenezi zimamuuza choti abwereze, kusiyana ndi kungoti "wanzeru iwe."

Lekezani akayamba kuyang'ana kumbali, kuyasamula kapena kutaya zinthu mokwiya. Muchenjezeni kusanathe: "Tiponye kawiri, kenako ndikaphike."

Pa zonsezi muzilandizana mawu. Kafukufuku wa Rachel Romeo ndi anzake wa 2018, pa ana 36 a zaka 4 mpaka 6 ku Boston, anapeza kuti chimene chinkayenderana kwambiri ndi luso la chilankhulo, komanso ndi kagwiridwe ntchito ka mbali ya ubongo yoona za kulankhula, chinali kuchuluka kwa nthawi zimene mwana ndi wamkulu ankayankhizana, kuposa kuchuluka kwa mawu amene mwana ankangomva. Simufunikanso mkeka pa chimenechi. Pamzere wotunga madzi pakiyosiki, posankha nyemba, m'minibasi yopita m'tauni: nenani, dikirani, mverani, yankhani. Lankhulani chilankhulo chimene mumachidziwa bwino. Chichewa chokoma, chodzaza ndi mawu, chimamanga maziko abwino kuposa Chingerezi cha mawu khumi obwerezabwereza.

Gawo 6: Masewera atatu oyambira

Njira ya manambala, ya ana a zaka 4 ndi 5. Dulani katoni yaitali, jambulani mabokosi 10 ofanana kukula pamzere umodzi wowongoka, lembani 1 mpaka 10 kuchokera kumanzere. Aliyense atenge chitsekerero chake. Ponyani ndalama yachitsulo: mbali ina ndi kuyenda bokosi limodzi, inayo mabokosi awiri. Lamulo lofunika ndi ili: mwana azitchula manambala a mabokosi amene akudutsamo. Ngati ali pa 3 ndipo wapeza awiri, anene "4, 5", osati "1, 2". Geetha Ramani ndi Robert Siegler anayesa masewerawa mu 2008 pa ana a m'mabanja osauka ku America, maulendo anayi a mphindi 15 mpaka 20 m'masabata awiri. Anawo anapita patsogolo pa kuwerenga, kuzindikira manambala ndi kudziwa nambala yaikulu pa ziwiri, ndipo patatha masabata 9 anali asanabwerere m'mbuyo. Anzawo amene anasewera pa bolodi lomwelo koma la mitundu m'malo mwa manambala sanasinthe. Mzere ukhale wowongoka, osati wozungulira, chifukwa mwana amaona ndi maso kuti 8 ali kutali kuposa 3. Kaya mutchula manambala m'Chichewa kapena m'Chingerezi monga ana ambiri amachitira, palibe vuto. Akalakwitsa, tchulani inu n'kumupempha abwereze, masewera apitirire.

Masanje a msika. Miyala ikhale tomato, masamba akhale ndalama, mwana akhale wogulitsa. Inu khalani kasitomala: funsani mtengo, nenererani, pemphani basera, dandaulani kuti mulu wachepa. Musamulande udindo. Masewerawa amamuphunzitsa kugwira malamulo m'mutu, kudikira nthawi yake ndi kuganizira zimene munthu wina akufuna. Ana akamasewera okhaokha bwinobwino, musalowerere. Ana aakulupo ndi aphunzitsi abwino a phada, chipako ndi nyimbo zowomba m'manja, bola wamkulu akhale pafupi, ndipo mwana wa zaka 7 asasiyidwe yekha ndi khanda tsiku lonse.

Nthano. "Padangokhala" ndi "tili tonse" ndi kulandizana mawu kumene ofufuza akukunena. Imani pakati n'kufunsa kuti, "Ukuganiza kuti Kalulu apanga bwanji?" Akapempha nthano yomweyo kakhumi, ifotokozeni kakhumi, ndipo tsiku lina mumusiyire amalize yekha.

Gawo 7: Mafunso ake, ndi nkhani ya foni

Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amafunsa "chifukwa chiyani" mpaka kutopetsa. Brandy Frazier ndi anzake anapeza mu 2009 kuti mwana akapatsidwa chifukwa chenicheni amavomera kapena kufunsa funso lotsatira, koma akayankhidwa mozemba amabwereza funso lomwelo kapena kupeka yankho lake. Ndiye kuti kubwerezako nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti sanayankhidwe. Yankhani ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zoona: "Timasamba m'manja chifukwa muli tizilombo tating'ono totsegula m'mimba." Chimene simukuchidziwa musachipeke. Nenani kuti, "Tikawafunse agogo," ndipo mukafunsedi iye ali pomwepo. Kuphunzitsa ulemu ndi kuyankha mafunso sizitsutsana. Ngati pali alendo, muuzeni kuti mumuyankha akapita, ndipo akapita muyankheni.

Za foni ndi TV, WHO inalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Inanenanso kuti ana a chaka chimodzi mpaka zinayi azikhala ndi mphindi zosachepera 180 patsiku zoyendayenda ndi kuthamanga. Patricia Kuhl wa ku yunivesite ya Washington anaonetsa mu 2003 chifukwa chake makanda sapindula ndi vidiyo. Ana a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi anakumana maulendo 12 ndi anthu olankhula Chitchaina cha Mandarin amene ankasewera nawo, ndipo anaphunzira kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a chilankhulocho. Ana ena anaonera anthu omwewo pa vidiyo, ndipo sanaphunzire kanthu. Ngati mwana wokulirapo akuonera katuni, khalani naye n'kumakambirana zimene zikuchitika. Foni yanunso ikhale m'thumba pa mphindi 15 zija.

Gawo 8: Kukhulupirira si kumvera aliyense

Mwana amene amauzidwa zoona pakhomo ndi amene amabwera kudzanena chinthu chikamuchitikira. Kuyambira zaka zitatu muphunzitseni kuti malo obisika a thupi lake ndi ake, kuti akhoza kukana ngakhale kwa wamkulu womudziwa, ndiponso kuti munthu akamuuza kuti "usakanene kwanu", chimenecho ndicho choyenera kunena msanga. Mutchulireni anthu awiri kapena atatu amene angawauze. Akabwera ndi nkhani, mverani modekha, musamukalipire kapena kumupanikiza ndi mafunso. Nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi muno ndi 116, ndipo kupolisi kuli ofesi yoona za nkhanza.

Kwa alezi a mkombaphala

Ana akachuluka, mlezi amathawira ku kuimbitsa ndi kulowezetsa ma ABC m'mawa wonse. Gawani chipinda kapena pansi pa mtengo m'makona anayi: la zomangamanga, la masanje, la mchenga ndi madzi, la zojambula ndi nthano. Ana asapitirire 8 pa kona, azisinthana pakatha mphindi 15 kapena 20, inu muzizungulira n'kukhala pansi pa kona iliyonse. Ndondomeko ya tsiku isamasinthesinthe, chifukwa mwana wodziwa kuti pambuyo pa nyimbo pamabwera phala amasewera mtima uli m'malo. Lamulo la malonjezo likukhudzani inunso.

Ndipo musawasiye kunja makolo. Kafukufuku wa Berk Özler ndi anzake, wofalitsidwa mu 2018, anachitika m'sukulu 199 za mmera mpoyamba za m'madera m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Patatha miyezi 18, ana amene anapita patsogolo pa chilankhulo ndi pa kukhala bwino ndi anzawo anali a kumene alezi anaphunzitsidwa komanso makolo ankakumana m'magulu kuphunzira zochita kunyumba. Kuphunzitsa alezi okha kunakonza kaphunzitsidwe m'kalasi koma sikunaonekere mwa ana. Patatha miyezi 36 kusiyana kuja kunali kutazimiririka, zomwe zikutiuza kuti maphunziro a kanthawi kochepa sakwanira ngati palibe chopitiriza. Ku Kingston m'dziko la Jamaica, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anayamba mu 1986 kutsatira ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa iwo ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo ola limodzi sabata iliyonse kwa zaka ziwiri zathunthu, kuonetsa amayi kusewera ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patatha zaka 20, ana amenewo ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 kuposa anzawo amene sanayenderedwe. Choncho itanani makolo kamodzi pamwezi, aliyense abwere ndi mwana wake, muyesere limodzi sewero limodzi, apite ndi chidole chimene apanga okha.

Nthawi yokaonana ndi achipatala

Ana amasiyana liwiro, komabe pali zizindikiro zosafunika kudikira. Pitani kusikelo ndi buku lake la kuchipatala ngati khanda silidzidzimuka ndi phokoso kapena silitsatira nkhope ndi maso pofika miyezi itatu. Ngati sakhala yekha pofika miyezi 9. Ngati satulutsa timawu ngati "bababa" kapena satembenuka akaitanidwa dzina pofika chaka. Ngati sayenda, saloza chinthu chimene akufuna, kapena alibe liwu ngakhale limodzi pofika miyezi 18. Ngati salumikiza mawu awiri monga "amayi madzi" pofika zaka ziwiri. Kapena ngati wasiya kuchita zimene ankachita kale, pa msinkhu wina uliwonse. Mwana amene anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, amene anabadwa masiku asanakwane, kapena wotuluka mafinya m'khutu, muyang'anitsitseni mwapadera, ndipo pemphani kuti amuyeze makutu, chifukwa kusamva bwino kumabisala m'dzina la "mwana wamwano". Fotokozerani mlangizi wa zaumoyo kapena namwino zimene mwaona, ndi mwezi umene munayamba kuziona. Iwo ndi amene angakutumizeni ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central ngati pakufunika kuyeza kwina. Podikira tsiku lopitako, pitirizani kusewera naye pa msinkhu wa zimene akutha kuchita panopa, osati wa zaka zake.